Nkhope ya Amayi Pamphambano

Ntchito yanga ndi yokulitsa zinthu. Munthu amabwera ndi kachithunzi kokwana m'chikhatho, ine n'kukhala nako pa kompyuta mpaka kakwane khoma. Zikwangwani za magolosale, maposita a masukulu a mkaka, zinsalu zikuluzikulu za misonkhano ya tchalitchi zija timati mabana, zonsezi zadutsa m'manja mwanga pa kashopu kanga ka pa boma la Thyolo, kuseri kwa pokwerera maminibasi. Koma imene imatidyetsa kwenikweni, ndisabise, ndi ntchito ya maliro. Masiku ano munthu akamwalira kuno kwathu, abale amafuna bana ya nkhope yake ipachikidwe pasiwa, idzatulukenso tsiku lovundukula chiliza. Choncho m'dera lino ukaona nkhope yaikulu ya munthu wamba, woti si wandale, si woimba, si m'busa wobwera kudzachititsa msonkhano, sufunsanso. Umadziwa kuti mwini nkhopeyo watisiya.

Vuto lake n'lakuti anthu athu sajambulitsa. Mayi wathyola tiyi moyo wake wonse, wabereka ana, walera zidzukulu, koma chithunzi chimene ali nacho ndi cha pa chitupa cha unzika chokha, kankhope kochepa ngati chikhadabo, kojambulidwa atatopa ndi mzere. Abale amachiika patebulo panga n'kunena kuti, "Chikule, sisi, chifike apa," akuloza pamwamba pa chitseko. Ndimawafotokozera kuti chithunzi chilichonse ndi timadontho, ndipo chaching'ono chimakhala ndi timadontho tochepa. Kuchikulitsa kuli ngati kuthira ketulo yonse ya madzi pa masamba a tiyi otapa ndi zala ziwiri: makapu adzaza ndithu, koma tiyi mulibe. Amagwedeza mutu kuti amva, n'kunenabe kuti chikule. Munthu woferedwa sungakangane naye. Ndimakulitsa, nkhope n'kusweka kukhala timabokosi, maso n'kusungunuka, malemu n'kutuluka m'makina akuoneka ngati munthu amene ukumuonera patali m'nkhungu ya chiperoni.

Shopuyo sindinaiyambe ndekha. Ndinaiyamba ndi mchimwene wanga. Si wa bere limodzi ndi ine. Anali mwana wa khomo loyandikana ndi lathu m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, momwe tinakulira, ndipo mayi ake atamwalira iye akadali wamng'ono, amayi anga anangopita n'kukamutenga ndi kathumba kake ka zovala, osafunsa munthu. Tinadyera mbale imodzi, tinafunda bulangete limodzi mpaka msinkhu unatisiyanitsa. Amayi akamagawa nthochi yowotcha, gawo lalikulu linkapita kwa iye, ndipo ine ndikadandaula ankati, "Iwe mayi ako uli nawo." Ndinkapsa mtima, komabe ndinkamukonda. Anali ndi pakamwa poti ngakhale munthu wokwiya chotani ankatha n'kuseka.

Amayi akaweruka ku tiyi ankakhala pakhonde, n'kutsitsa bulauzi m'mapewa, ife awiri n'kumawasisita ndi mafuta. Malamba a dengu lakumsana ankawasiyira mizere iwiri yakuda, ndipo nyengo ya mvula, masamba akachuluka, mizereyo inkasupuka n'kumatuluka madzi. Phewa lamanja linali langa, lamanzere lake. Iye ankasisita akulonjeza kuti akadzakula adzatenga dengulo n'kukaliponya m'damu la esiteti. Amayi ankati, "Uyambe wakula, usisite kaye apo."

Titakula, pakamwa pake pomwepo ndi pamene panatipezera makasitomala. Ine ndinkakhala pa kompyuta, iye ankazungulira. Makina aakulu osindikizira mabana kuno kulibe, ali ku Limbe, ndiye ndikamaliza ntchito ndinkaiika pa fulashi, iye n'kukwera nayo minibasi, madzulo n'kubwera ndi chinsalu chokulunga paphewa chikununkha inki. Zonse zimene ndinkadziwa ndinamuphunzitsa. Nkhope ikhale imodzi, chifukwa diso la munthu limayamba lafunafuna nkhope. Mawu akhale ochepa, zilembo zonenepa, zoti wokhala pawindo la minibasi yothamanga awerenge asanapitirire. Kasitomala akafuna kuti pa posita pakhale iye, mkazi wake, galimoto yake ndi mbiri yonse ya bizinesi, umunyengerere mpaka achotseko. Usalembe zofiira pa zobiriwira. M'mphepete uzisiyamo malo opinda ndi obowola, apo ayi chingwe chidzadutsa pakhutu pa munthu. Chithunzi chotumizidwa pa foni usalandire, chifukwa foni imachifinya panjira, chimafika chitaonda. Ndinamuphunzitsanso kudula chinthu pa chithunzi china n'kuchimata pa china mosaonetsa msoko, ndipo pa zonse chimenechi ndiye anachigwira msanga.

Nthawi imeneyo amayi anali atasiya tiyi. Mawondo anawakana. Anachoka m'malaini n'kukakhala kumudzi, cha kwa Nchilamwela, pa kamalo ka nthochi ndi nandolo kamene makolo awo anapatsidwa atangofika kuchokera ku Mozambique. Anali mayi wamfupi, wa mawu akuthwa, wopemphera koma wosasekerera zopusa. Akakwiya kwenikweni Chinyanja chinkawachepera, ankalowa m'Chilomwe, ndipo zikafika apo aliyense ankapeza chochita kuseri kwa nyumba. Zaka zonse zija za dengu zinawapinda msana, moti ankayenda maso ali pansi ngakhale panjira yoti akuidziwa.

Zinayambira pa maliro a mnzawo amene ankathyola naye mzere umodzi kuyambira ali atsikana. Bana ya pamalirowo ndinakonza ndine, kuchokera pa chitupa monga mwa masiku onse. Amayi anaima patsogolo pake nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Pobwerera, tikudutsa kanjira ka m'mabulugamu, anandifunsa mwadzidzidzi.

"Uja wapachika pakhoma uja ndani?"

"Si anzanu aja, amayi?"

"Anzanga ndikuwadziwa ine. Anali ndi mpata wa mano, anali ndi maso. Uja ndi mtambo." Anayenda pang'ono n'kuima. "Iwe, usadzandichite zimenezi. Undijambule ndikadali ndi mpweya, chithunzi chenicheni, cha timadontho tako tambiri tija. Ukachibise. Chidzatuluke tsiku langa basi."

Ndinayesa kuseka, ndikuti tsikulo likadali kutali. Anandiyang'ana diso lawo lija, ine n'kutseka pakamwa.

Tinabwereka kamera yabwino kwa mkulu wina wojambula maukwati. Unali m'mawa wina chiperoni chitangoyera, tiyi ali biriwiri mpaka kumapiri. Malo anasankha okha, m'mphepete mwa munda umene anayambira ntchito. Anavala chitenje cha pansi pa sutikesi, bulauzi ya ku tchalitchi, duku loyera, ndi ndolo zimene bambo anga anawagulira asanamwalire. Mchimwene wanga anabwera nafe kudzagwira katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira, yobwezera kuwala kunkhope. Titafika anaona dengu la wina litasiyidwa pansi pa mtengo, n'kulinyamula.

"Amayi, berekani ili, chithunzi chikome."

"Siya pomwepo," anatero amayi. "Dengu ndalibereka mokwana. Tsiku langalo anthu adzandione nditaima chilili, msana uli wanga, m'manja mulibe kanthu. Wandimva?"

Analisiya. Amayi analowa m'tiyi mpaka m'chiuno, anadziwongola moti ndinamva msana ukulira, koma nkhope anaiumitsa ngati ali kupolisi. Ndinajambula, ndinajambula, zonse zotuluka zofanana ndi za pa chitupa. Ndiye mchimwene wanga anayamba kutsanzira kapitawo wina wakale wa pa sikelo, mmene ankatulutsira mimba, mmene ankanunkhizira masamba asanawakane. Amayi anadzigwira, anadzigwira, kenako chiseko chinaphulika, mutu n'kuuponya kumbuyo. Ndinadina pomwepo. Pa ntchito yanga yonse sindinajambulepo china choposa chimenecho.

Anachiona pa kagalasi ka kamera. Kenako anatiyang'ana tonse awiri.

"Ndine ameneyu. Tsopano mverani. Asachione munthu, ngakhale mng'ono wanga wa ku Thekerani. Ndikadzachiona chapachikidwa ndili moyo, ndiye kuti mwandiika m'manda."

"Amayi," anatero mchimwene wanga, dzanja lili pachifuwa, "ngakhale andiike mpeni pakhosi."

Ndinachisunga pa kompyuta ya ku shopu, chathunthu, osachifinya. Sindinachiike pa foni, sindinachitumize kwa munthu. Kompyutayo tinkaigwira anthu awiri okha. Nthawi zina amayi akabwera ku boma tsiku la msika ankalowa mu shopu, n'kundiuza kuti nditseke chitseko. Ankakhala pa mpando wa makasitomala, ine n'kuwatsegulira chithunzi chawo. Ankandiuza kuti ndikulitse pa ndolo, kenako pa maso, n'kumagwedeza mutu. Akakhutira ankati, "Chabwino, chibwezere," n'kunyamula jumbo yawo ya tomato kumapita. Sindinawaonepo akunyadira chinthu chawochawo ngati mmene ankanyadira chithunzicho.

Dzinja linadutsa, mvula inasiya. Mchimwene wanga anayamba kuchedwa ku Limbe. Anati wadziwana ndi anthu okonza malonda a kampani ina ya tiyi, ndipo pali kantchito kamene akuwathandiza, koti sikafuna ine. Ndinamuyamikira ndi mtima wonse. Atabwera ndi nsapato zatsopano zosongoka ndinamuseka kuti adzabaya nazo makasitomala, tonse n'kuseka.

Tsiku lina ndinkalimbana ndi posita ya sukulu ya mkaka, mwini wake akuumirira kuti nyimbo yonse ya sukuluyo ilembedwepo, pamene foni inalira. Anali amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi wa ku Thekerani uja. Sanapereke moni. Ankalira.

"Mwana iwe, ndakulakwira chiyani? Achemwali anga amwalire, ine osandiuza? Ndichite kuonera pamsewu ngati mlendo?"

Ndinafunsa kuti amva kwa yani. Anati sanamve kwa munthu, aona okha ndi maso awo. Anali pa minibasi kubwera ku boma ndi nthochi zawo, ndipo pamphambano yopatukira kwathu anaona chinsalu cha maliro chapachikidwa kale, chachikulu kuposa nyumba. Anatsika pomwepo, nthochi n'kuzisiya m'minibasi, ndipo ankalankhula nane akuyenda kulowera kumudzi. Ndinaimbira amayi, foni yawo inkangoitana. Ndinatseka shopu osazimitsa n'kompyuta yomwe, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza.

Ndinachiona tikadali patali, potsetsereka paja tiyi amathera. Chikwangwani chatsopano pa mizati yachitsulo, ndipo pamenepo amayi anga, akuseka, mutu atauponya kumbuyo, duku lili mbee. Ndinamenya wakabaza pamsana kuti aime. Pansi pa nkhopeyo panali mawu ochepa a Chingerezi, zilembo zonenepa zoyera pa zobiriwira, onena kuti tiyi ameneyu amathyoledwa ndi manja achimwemwe, ndi kapaketi ka tiyi pakona. Amayi aang'ono Chingerezi sawerenga. Iwo anangoona nkhope yaikulu ya munthu wamba, n'kudziwa zimene aliyense kuno amadziwa.

Mtima unayamba watsika, poti ndinazindikira kuti amayi ali moyo. Kenako ndinaona dengu. Linali kumsana kwawo, lodzaza masamba mpaka kusefukira, malamba ake atadutsa pamapewa pa bulauzi ya ku tchalitchi ija. Linamatidwa bwino, msoko wosaoneka. Panali cholakwika chimodzi chokha: dzuwa la tsiku lija linali kumanja kwa amayi, koma dengulo linkawala kumanzere. Kulakwitsa kumeneko ndinkakudziwa, ndinali nditamudzudzulirapo munthu wina kangapo pa tebulo langa lomwe.

Kumudzi ndinapeza maliro atayamba. Amayi aang'ono anali atafika akulira kuyambira kumsewu, anapeza chitseko chotseka, n'kudzigwetsa pakhonde. Oyandikana nawo atamva anatuluka n'kuyamba kulira nawo, poti akuti chinsalu chapachikidwa kale, ndiye ndani angatsutse chinsalu? Wina anati mwina anagwera kumunda, wina anati anamva galimoto m'mawa, mwina inawatengera kuchipatala. Bambo wina anali atathyola kale nthambi zoti akaike pamsewu. Ndinkafuula kuti amayi ali moyo, koma mawu anga ankamira m'kulira kuja.

Ndiye amayi anatulukira kuchokera kutsidya kwa mtsinje, kumunda kwawo, beseni la nandolo lili pamutu. Kulira kunaduka ngati munthu wazimitsa wailesi. Mayi wina anathawa n'kusiya patapata. Amayi anatula beseni pang'onopang'ono, n'kuyang'ana anthu onse aja ali pabwalo pawo.

"Wamwalira ndani?"

Amayi aang'ono anadzuka pakhonde, misozi ikuyendabe, n'kuwagwira mkono kuti amve ngati ndi wofunda.

"Inuyo, achemwali."

Ena anaseka pambuyo pake, chiseko cha manyazi, n'kumabalalika mmodzimmodzi. Amayi sanaseke. Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Tiye ukandionetse."

Tinayenda wapansi mpaka pamphambano, iwo patsogolo ndi mawondo awo aja, ine pambuyo. Anaima pansi pa chikwangwanicho, kamunthu kakang'ono pansi pa chibwano chawo chomwe. Ogulitsa nthochi pamphambanopo anasiya kuitanira malonda. Anandifunsa tanthauzo la mawuwo, ndinawauza. Anayang'ana manja awo enieniwo, ong'aluka m'zala, akuda ndi madzi a masamba a zaka zonse zija, n'kuyang'ananso m'mwamba.

"Dengu ilo wandiika kumsana ndani?"

Sanadikire yankho, anali atadziwa kale. Analankhula Chilomwe nthawi yaitali, motsitsa mawu, osati kwa ine, ndipo zina sindinazimve. Pomaliza anabwerera m'Chinyanja kuti ndimve bwino.

"Ndinapatsa iwe kuti usunge."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, chifukwa ndinasunga. Ndinasunga m'nyumba imene ndinkayesa kuti mulibe wakuba.

M'mawa mwake ndinamupeza mchimwene wanga ku shopu akupukuta nsapato zake zija. Nkhani inali itamupeza kale, ndipo yankho anali atalikonza.

"Achemwali, inenso ndadabwa. Mwina chinatuluka pa foni. Mukudziwa mmene zinthu zikuyendera masiku ano, wina atumizira wina, anthu a kampani n'kuchitola."

Likanakhala bodza lina mwina ndikanalimeza, poti ndinkafuna kulimeza. Koma iye anasankha kundinamiza pa ntchito yanga yomwe.

"Iwe, dzulo ndinaima pansi pa chikwangwani chija. Ulusi wa duku ukuoneka umodziumodzi. Kachipsera ka pansi pa diso, kaja anabayidwa ndi kamtengo ka tiyi, kakuoneka. Chithunzi cha pa foni ungachikulitse kufika pamenepo, kachipsera n'kumaoneka? Sunandimve ndikuuza makasitomala tsiku ndi tsiku? Chija chachokera mu kompyuta iyi, chathunthu, pa fulashi. Ndipo dengu lako lija dzuwa lili kolakwika."

Anasiya kupukuta. Sanachite manyazi, ndipo chimenecho ndiye chinandipweteka kwambiri. Anangosintha nyimbo.

"Chabwino. Koma choipa n'chiyani pamenepa? Anthu aja ankafuna nkhope yeniyeni ya wothyola tiyi. Ndinawaonetsa zambirimbiri, anakana zonse. Ataona amayi anaimirira pampando. Amayi atchuka, achemwali! Ndimati ndiwagulire malata, nyumba ija ikudontha."

"Nanga dengu?"

"Kasitomala anati popanda dengu ndi gogo chabe waima m'tiyi. Si inu munandiphunzitsa kuti chikwangwani chizimveka munthu ali pawindo la minibasi?"

Ndinamugenda ndi kapu imene inali patebulo. Inamuphonya n'kukasweka pakhoma, ndipo ndikanakonda ikanamupeza. Munthu amene amayi anamutola ndi kathumba, amene ankadya gawo lalikulu la nthochi, amene zala zake zimadziwa mabala a malamba aja, anakagulitsa chithunzi cha maliro a amayi ngati kabichi. Anamva ndi makutu ake kuti dengu ayi, n'kukhala pansi ndi luso limene ndinamupatsa ine, kuwabwezera dengulo kumsana. Kundidyera ine masuku pamutu ndikanapirira. Koma amayi sanapemphepo kanthu kwa ife moyo wawo wonse kupatula chimodzi chimenechi.

Ndinapita ku ofesi ya anthu okonza malonda aja kukapempha kuti achitsitse. Anandipatsa mpando ndi madzi ozizira, n'kundiuza mwaulemu kuti mwana wamwamuna wa mayiyo anavomera zonse. Ndinati mayiyo alibe mwana wamwamuna. Kanali koyamba kunena mawu amenewo, ndipo anatuluka mosavuta. Anati aiona nkhaniyo, koma chikwangwani sichinasunthe. Tsiku lina ndinafika pamphambano ndi chikwanje m'thumba, dzuwa lili paliwombo, nditatsimikiza kuti ndikwera mzati ndikachikhadzule, andimange akafuna. Ndinaika phazi pa chitsulo n'kuyang'ana m'mwamba. Kuti chinsalucho ching'ambike, chikwanje chinayenera kulowa pankhope pa amayi. Ndinatsika n'kukwera minibasi yobwerera ku boma.

Mchimwene wanga uja anapita kumudzi ndi bulangete ndi shuga kukapepesa. Amayi anamuyalira mphasa, anamuphikira tiyi, anamva zonse, n'kumuuza kuti anyamule katundu wakeyo dzuwa lisanalowe. Malata anabweradi pa lole. Anakhala chitsamirire kuseri kwa nyumba mpaka anachita dzimbiri, amayi akutchera mabeseni mvula ikamagwa. Ku shopu iye anachoka yekha osatsanzika, ndipo pano ndimamva kuti ali ndi ofesi yake ku Limbe, ya zitseko zagalasi.

Anthu a kwathu saiwala nthabwala. Amayi akafika ku tchalitchi anzawo ankawapatsa moni wakuti, "Kodi mwauka liti?" Ana ankawaloza kuti agogo a pachikwangwani. Amayi anasiya kudutsa pamphambano. Popita kumsika ankazungulira njira ya kumtsinje, yaitali, yamiyala, ndi mawondo amenewo. Ku shopu sanalowenso. Ndinawapempha kuti tijambule china, kwina, kopanda tiyi, anakana. Munthu akangokweza foni pa ukwati kapena pa chinkhoswe, iwo ankakoka chitenje n'kuphimba kumaso. Tsiku lina ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde, ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Nanga chija, amayi? Chenicheni chija, chopanda dengu, chikadalipo."

"Chija anthu analira nacho kale. Chavumbwa mvula, chaonedwa ndi aliyense wopita kukagula sopo. Ukadzachipachika pa maliro anga adzati, si agogo a pa tiyi aja? Usadzayerekeze." Anatola nandolo wina n'kumusenda. "Munandiika kale kamodzi. Zakwana."

Anadwala chifuwa nyengo yozizira ya chaka chathachi, n'kutisiya ali m'chipatala ku Makwasa, ine ndili pambali pawo. Amalume, monga mwini mbumba, ananena kuti mlongo wawo sangapite popanda bana pomwe mwana wake ndiye amakonzera anthu onse. Ndinapita ku shopu, ndinatseka chitseko monga ankandiuzira, n'kutsegula chithunzi chija. Amayi ataima chilili, m'manja mulibe kanthu. Ndili chiyang'anire, foni inalira. Anali iye, wa ku Limbe uja. Analira pang'ono, kenako anati ndisavutike, asindikiza yekha mwaulere pa chinsalu chabwino kwambiri, poti chithunzi chija akadali nacho. Ndinadula foni.

Ndinachibwezera chithunzicho n'kutulutsa chitupa cha amayi m'chikwama. Ndinayesa nzeru zonse zimene ndili nazo. Ndinachepetsa bana, ndinasalaza timabokosi, ndinaika maluwa m'mbali kuti diso lithawireko. Sizinathandize, timadontho tinali tochepa basi. Ku Limbe ndinapita ndekha, kwa osindikiza ena, ndipo chinsalu chikutuluka m'makina ndinayang'ana kumbali.

Tsiku lotsatira lole yonyamula bokosi inachoka ku Makwasa masana, amayi a ku tchalitchi akuimba, ine nditakhala pafupi ndi bokosi, bana yokulunga ili pamiyendo. Njira ya galimoto yopita kwathu ndi imodzi. Titafika pamphambano dalaivala anachepetsa liwiro kuti akhote, ndipo nyimbo inafooka yokha, mmodzimmodzi akusiya, mpaka kunatsala kulira kwa injini. Aliyense anayang'ana m'mwamba. Amayi aang'ono anagwira bokosi ndi manja awiri.

Pasiwa tinapachika bana yanga. Gogo wina amene ankathyola nawo tiyi kalekale anafika ndi ndodo yake, anaima patsogolo pake, n'kumapendeketsa mutu uku ndi uku. Kenako anandikoka chitenje.

"Mwanawe, uyu ndani?"

"Ndi amayi, agogo."

"Iii, ayi. Bwanji osangokatsitsa chija cha pamphambano? Paja ndiye akuoneka."

Ndinalowa m'nyumba n'kukakhala pansi pakati pa amayi anzanga, pafupi ndi beseni limene linali litatcheredwabe pomwe pamadontha.

Chikwangwanicho chilipobe. Dzuwa lachiwaula pang'ono, zobiriwira zayamba kutuwa, koma inki yake inali yabwino, ndipo chithunzicho ndinajambula ndine, timadontho take n'tokwanira. Ndikamapita kukasesa pamanda ndimadutsa pomwepo. Ndimawapeza amayi akuseka nthabwala ya mwana amene anamulera, dengu lili kumsana.